Moto wa mbewa ukupsereza chakudya cha antchito a m'munda

Adzukulu anga, akale adati nkhanga zidapangana kusanapse. Nanenso ndati ndiyankhule udzu usanaume, chifukwa kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Okutobala utsi umakuta dziko lathu, ndipo pa nthawi imeneyo palibe amene amamva za mnzake. Anyamata amatentha minda pofuna mbewa. Akuluakulu nawo akasosa amaunjika mapesi n'kuyatsa, poti kwathu kuno munda wosesedwa bwino umapatsa mwini wake ulemu. Ine ndikuti ulemu umenewu ukutisaukitsa. Chimene timachitcha zinyalala ndi chakudya cha antchito amene amatilimira usana ndi usiku popanda malipiro.

Dothi si fumbi lakufa. Ndi mudzi wodzaza anthu ake. Muli nyongolotsi, chiswe, nyerere, abongololo ndi nkhululu, amene timawaona ndi maso. Muli timizu toyera ta bowa toyanga ngati ulusi, komanso tizilombo tosaoneka timene m'dzanja limodzi la dothi lachonde timaposa chiwerengero cha anthu onse a pa dziko lapansi. Charles Darwin, katswiri wotchuka uja wa ku England, adathera zaka zambiri akuyang'anitsitsa nyongolotsi, ndipo buku lake lomaliza, la mu 1881, lidali la nyongolotsi basi. Iye adaonetsa kuti dothi lakuda lapamwamba limadutsa m'mimba mwa tinyamati mobwerezabwereza. Ife timaikumbukira nyongolotsi pokhapokha tikafuna nyambo ya mbedza.

Koma kuno kotentha mlimi wamkulu wa pansi pa nthaka ndi chiswe, ndipo ndicho timachida koposa. Taganizani za chulu. Agogo anu ankadziwa kuti maungu ndi chimanga za m'mbali mwa chulu zimakondwa, ndipo ena ankagumula dothi lake n'kuliwaza m'munda wamchenga. Chifukwa chake n'chakuti chiswe chimakumba pansi kwambiri n'kukweza dongo ndi mchere wa m'nthaka umene mvula idautsitsa kumene mizu siifika. Ngalande zake ndi njira za madzi. Mvula ikagwa pa munda wa chiswe imalowa pansi, pamene pa lupsa louma gwa imangothamanga n'kukokolola dothi kunka nalo kumtsinje.

M'kati mwa chulu muli dimba. Chiswe chimatuta udzu ndi mapesi, n'kumanga nazo zisa zimene chimalimapo bowa wakewake, ndipo bowayo ndi amene amafewetsa zouma zija kuti zidyeke. Mvula ikagwa bowa yemweyo amaphukira kunja, ife n'kumazula utale pachulu. Ku Zambia kuli mtundu wina wa bowa wapachulu umene umakula mpaka kuyandikira mita imodzi mulifupi, ndipo akatswiri adaulemba m'mabuku awo mu 1980, ngakhale eni dera adali ataudya kuyambira kalekale. Ngumbi zimene mumakazinga m'phale zimachokeranso m'chulu momwemo. Kodi ndi mdani wotani amene amakupatsa ndiwo ziwiri?

Sindikubisa kuti chiswe chimaononga. Chimadya denga, chimabowola nkhokwe, ndipo chimagwetsa chimanga chitatsala pang'ono kukhwima. Komabe dzifunseni: wantchito amene mwamutenthera nkhokwe yake adya chiyani? Pa munda wosesedwa chouma chokhacho chimene chatsala ndi phesi la chimanga chanu. Ku Burkina Faso, mlimi wina dzina lake Yacouba Sawadogo, amene adamwalira mu 2023, adachita zosiyana ndi ife. Iye ankakumba maenje m'nthaka yoguga m'chilimwe n'kuthiramo manyowa mwadala kuti aitane chiswe. Chiswe chinkabwera, n'kuboola nthaka yolimba ija, madzi n'kuyamba kulowa. Pamalo pamene padali poti see padamera mapira ndi nkhalango, ndipo mu 2018 adalandira mphoto ya Right Livelihood.

Tsopano zulani mtedza, soya kapena nandolo m'mwezi wa Febuluwale muone mizu yake. Mupezapo timatuza tating'ono. Mukatswanya kamodzi n'kupeza m'kati muli mofiirira, dziwani kuti ntchito ili m'kati. M'menemo mumakhala tizilombo totapa nayitirojeni mu mpweya, mchere womwe uja timaugula m'thumba la yureya. Mpweya umene tikupumawu, magawo 78 pa 100 aliwonse ndi nayitirojeni, koma chimanga sichingaugwiritse ntchito pachokha. Mbewu imapatsa tizilomboto shuga, ito n'kubweza mchere. Kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana. Anthu a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu amene sadasiye kubzala nandolo pakati pa chimanga adasunga nzeru imene sayansi idadzaifotokoza m'ma 1880. Mtengo wa nsangu nawo uli ndi chibale chomwechi, ndipo umayoyola masamba nthawi ya dzinja, pamene mitengo ina ikuphukira, kotero kuti chimanga cha pansi pake chimapeza dzuwa ndi manyowa pamodzi.

Wina anena kuti zonsezi n'zachikale, feteleza alipo. Sindinyoza feteleza. Kuyambira mu 2005 boma lathu lathira ndalama zochuluka kuti alimi amugule motsika mtengo, ndipo mabanja ambiri adapulumuka naye ku njala. Koma feteleza amadyetsa mbewu, sadyetsa nthaka. Sakumba ngalande, sasunga chinyezi, saumba timibulu ta dothi. M'munda wopanda zowolerana amasuluka ndi mvula yoyamba yamphamvu, mwini munda n'kumadabwa kuti matumba awiri akubala zimene kale thumba limodzi linkabala, kaufiti ali waa m'mizere. Mu 2022 mtengo wa feteleza utakwera chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine, tidaona tonse kuipa kwa kudalira chonde chobwera pa sitima. Nanga n'chifukwa chiyani timayatsa chonde chathu chomwe? Mapesi akapsa, nayitirojeni amapita ndi utsi. Phulusa lotsalalo lili ndi mchere wina ndithu, koma mphepo ya mu Okutobala imaliuluza mvula isanabwere.

Za mbewa ndiyankhule mosamala, pakuti inenso ndidakula ndikukumba mauna, ndipo kapuku wapampani sindimukana. Mnyamata wogulitsa mbewa m'mbali mwa msewu wa M1 akufuna sopo ndi makope, si chigawenga ayi. Komatu makolo athu adali ndi misampha ndi madiwa, ndipo ankadziwa kulondola una ndi khasu. Moto ndi njira ya waulesi, ndipo kawirikawiri umapsereza munda wa munthu wina amene sadyako n'mchira womwe. Pali zoyenera kutenthedwa, monga mitengo ya thonje imene imasunga tizilombo toononga, koma mapesi a chimanga, masangwi a mtedza ndi masamba a nandolo sizili m'gulu limenelo. Kale tinkaziwojeka m'mizere zikadali ndi chinyezi. Alangizi a masiku ano akuti tiziphimbire pamwamba, ulimi umene akuutcha mleranthaka. Njira zonse ziwiri zimasiya chakudya m'munda.

Mlandu umenewu munthu mmodzi sangauthe, chifukwa moto sudziwa malire. Ndi nkhani ya pabwalo. Mafumu amalipitsa mwini mbuzi yodya mmera wa mnzake, ndiye sindiona chowaletsa kulipitsa woyatsa munda wa mnzake. Inu amene mumapita kumudzi pa tchuthi cha Khirisimasi, tengani khasu mukumbe kamodzi pansi pa nsangu ndi kamodzi pamene padali lupsa, muwerenge nyongolotsi za malo onse awiri pamaso pa amalume anu. Mukatero mupemphe a nyakwawa kuti nkhaniyi ikambidwe pamsonkhano wa m'mwezi wa Meyi, anthu akadali kukolola.