NKHOKWE YA MADZI SIIBALA MADZI

Pamene khoma la Kariba linamalizidwa pa mtsinje wa Zambezi m'chaka cha 1959, Atonga pafupifupi 57,000 anali atasamutsidwa m'midzi yao kuti nyanja yatsopanoyo ipeze malo. Ambiri anayesa kuti chilala chagonjetsedwa. Koma damu lili monga nkhokwe: lisunga chimene mvula yapereka, osaonjezapo kanthu.

Madzi opangira magetsi pa Kariba ndi apamwamba okha, mamita 13 kuya kwake, ndipo ena amauma ndi dzuwa. Mu November 2022 bungwe la Zambezi River Authority, limene ligawa madziwo pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, linalamula kuti makina a mbali ya Zimbabwe aime, popeza dzikolo linali litatha gawo lake la chakacho. Chilala cha 2024 chinapeza nkhokwe isanadzalenso, kotero kuti m'Zambia magetsi ankazima kufikira maola 21 pa tsiku.

Choopsa cha damu lalikulu nchakuti mizinda, migodi ndi minda yothirira zimakula modalira madzi ake. Tsono mvula ikakana, anthu osauka nawo amachuluka koposa kale.

Chifukwa chake akuluakulu ogawa madzi ayenera kuwerenga olowa m'nyanja asanatsegule zipata, ndi kusiyako ena a chaka choipa. Magetsi a dzuwa akagwira ntchito usana, madzi asungika kuti athandize usiku. Dziko lotapa nkhokwe yonse m'chaka cha mwanaalirenji lidzagona mumdima m'chaka cha chilala.