Maseŵera a Mawu ndi Malamulo a Dziko m'Sukulu za m'Chigwa cha Shire

M'chaka cha 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko lino, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994, ndi kukhazikitsa kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo sayenera kuloŵa m'banja. Koma lamulo lolembedwa m'Chingerezi silingam'tchinjirize mtsikana wa ku Bangula kapena ku Ngabu ngati iye sanalimvepo.

Apa ndipo maseŵera a mawu angathandize mphunzitsi. Iye ajambule timabokosi pabolodi, abisemo mawu monga UFULU, UDINDO, KHOTI ndi CHISANKHO, ndipo ana aŵafunefune. Njirayi si yachilendo, pakuti ana a Chimang'anja ndi a Chisena amakula akuponyerana zilapi madzulo. Ndiponso siilira ndalama. M'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, kumene madzi osefukira a mu 2015 ndi namondwe Freddy wa mu 2023 anaononga mabuku ndi kusandutsa sukulu zina misasa ya anthu othaŵa madzi, choko kapena mchenga wapabwalo ndi wokwanira.

Komabe kupeza liwu si kulimvetsa ayi. Mwana akapeza UFULU, mphunzitsi am'masulire m'chinenero chakwawo kuti gawo 25 limapatsa aliyense ufulu wa maphunziro, ndipo am'funse kumene angakadandaule atachotsedwa pasukulu kuti akakwatiwe: kwa amfumu, kupolisi, kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Popanda funso limeneli, anawo adzangosangalala ndi kubwerera kwawo osadziŵa chimene chingaŵapulumutse.