MNZAKO AKAPSA NDEVU: ZA MTIMA WA MADALA KU CHITUNGWIZA

Abale anga a m'migodi, inu a ku Hwange, Zvishavane ndi Ngezi, ndi inunso muli tsidya lija la Limpopo ku Rustenburg ndi Welkom, lero ndiri ndi nkhani yolemera. Ndiyo ya munthu amene kholo lace lokalamba lauzidwa ndi madotolo kuti mtima ufuna opareshoni, ndipo opareshoniyo ikhoza kuciritsa, ikhozanso kupha. Sindilembera mwini tsokalo, pakuti iye alibe mtima wowerenga nyuzi masiku ano. Ndilembera inu amene mugona naye cipinda cimodzi ndi kutsika naye m'kheji imodzi. Akulu anati mnzako akapsa ndevu mzimire. Koma ndevu zotere tizima ndi ciani?

Nkhaniyi idzatipeza ambiri a ife. Pa nthawi ya Federation, kuyambira 1953 kufikira 1963, anyamata ambiri a kwathu ku Malawi anabwera kuno kudzafuna nchito m'migodi, m'mapulazi ndi m'mafakitale. Ena sanabwerere, anasanduka machona, namanga mabanja ku St Mary's, Zengeza ndi Seke, malo atatu amene mu 1978 anaphatikizidwa kukhala Chitungwiza, kumwera kwa Harare. Mnyamata amene anafika mu 1960 ali ndi zaka 18, lero wapyola zaka 80. Ana ndi adzukulu ao ndife, ndipo tiri kutali.

Pa mgodi wathu pano pali mnzathu wina wa pansi, dzina ndisunga, amene atate ace akhala ku St Mary's. Madalawo anagwira nchito m'mgodi ali anyamata, pambuyo pace nakhala atelala. Caka cino anayamba kucita befu poyenda pang'ono pokha, ndipo anagwa kawiri pa khonde. Mlongo wace wa mnzathuyo anapita nao ku Chitungwiza Central Hospital, kumene anawatumiza ku Parirenyatwa ku Harare. Atawaunika ndi makina amene amati echo, madotolo anapeza kuti valavu imodzi ya mtima yauma.

Inu a pansi mudziwa bwino pampu yocotsa madzi m'mgodi. Mudziwanso kuti valavu ikacita dzimbiri ndi kukana kutseguka, injini ilira kwambiri koma madzi oturuka acepa, ndipo tsiku lina injiniyo ipsa. Mtima uli cimodzimodzi. Uli ndi zipinda zinai ndi mavalavu anai, ndipo ugunda ngati ka 100,000 pa tsiku limodzi, wosadziwa Lasabata kapena Khrisimasi. Pa ukalamba, valavu imene mwazi uturukira popita ku thupi lonse nthawi zina iuma, ndipo khomo lace licepa. Pamenepo munthu acita befu, amva kuwawa pa cifuwa, acita cizungulire ndi kugwa. Mapiritsi apeputsa mabvuto, koma sangathe kutsegula valavu youma. Ndipo madotolo adziwa kuti khomolo likacepa kwambiri ndi zizindikiro izi zikayamba, ambiri amene sakonzedwa sapyola zaka ziwiri kapena zitatu.

Njira zokonzera ziripo ziwiri. Yoyamba ndiyo kuceka fupa la pa cifuwa, kuimitsa mtima, ndi kuika valavu yatsopano, pamene makina ali kugwira nchito ya mtima ndi mapapu. Makina otere anagwira bwino nchito koyamba mu 1953, m'manja mwa dotolo John Gibbon ku Philadelphia, cotero nchitoyi si yongoyesera iai. Ku Parirenyatwa anayambanso opareshoni yotere mu 2023, atakhala zaka zingapo osacita. Valavu yatsopano ikhoza kukhala ya citsulo, imene ifuna kuti munthu azimwa warfarin moyo wace wonse ndi kuyezetsa mwazi kawiri kawiri. Kapena ya nyama ya ng'ombe kaya nkhumba, imene madotolo akonda kupatsa okalamba, koma itha pakapita zaka 10 kapena 15. Abale athu Asilamu afunse za nyamayi nthawi ikadalipo. Njira yaciwiri, imene amati TAVI, inayamba mu 2002 ndi dotolo Alain Cribier ku Rouen m'dziko la France. Iyo siceka cifuwa. Valavu ilowa pa kapaipi kakang'ono kopyola m'mtsempha wa m'mphecepece mwa mwendo. Koma mtengo wace ngwaukulu, ndipo zipatala zocita zimenezi nzowerengeka.

Tsono ngozi iri pati? Thupi la munthu wa zaka 80 silipirira monga la mnyamata. Impso zikhoza kulephera, magazi akhoza kuundana ndi kupha ziwalo, mapapu akhoza kugwidwa cibayo, makamaka mapapu amene anadya pfumbi la m'mgodi. Ena aturuka m'cipatala amoyo koma osayendanso okha. Cotero mnzathu waima pa mphambano pamene njira zonse ziwiri ziri ndi mkango. Munthu wotere safuna womuuza kuti mkango kulibe.

Cifukwa cace ndiyamba ndi mau amene tiyenera kumeza. Musanene kuti, "Acimwene, adzacira basi." Inu simuli dotolo, ndipo lonjezo limene simungathe kulisunga liri bodza ngakhale likome. Musanenenso kuti, "Musalole, akawapha," ndi kuyamba kusimba za amalume anu amene anafera pa tebulo la opareshoni. Nthenda ya amalume anu ndi ya madalawa sizifanana. Ndipo musanene kuti, "Ndikadakhala ine." Simuli inu. Mtima uli wa madala, ndipo mau otsiriza ali ao. Nchito ya mwana ndiyo kukhala pa mphasa ya atate ace ndi kuwathandiza kumva bwino zonse. Nchito yathu ndiyo kumfikitsa pa mphasapo, katundu wina titamsenzera.

Katundu woyamba ndiye chuthi, ndipo apa ndilankhula monga kalaliki. Kuno ku Zimbabwe lamulo la nchito, pa gawo 14B, lipatsa wanchito masiku osapyola 12 pa caka a chuthi capadera colandira malipiro onse, ndipo mwa zifukwa zace muli imfa ya kholo ndi cifukwa ciri conse comveka ca cifundo. Ku South Africa kuli kosiyana: masiku atatu a za banja amene lamulo lipereka ali a kudwala kwa mwana kapena imfa ya kholo, osati kudwala kwa kholo. Wa kumeneko atenge pa masiku ace a chuthi ca pa caka, kapena afunse a bungwe la anchito cimene cinalembedwa m'pangano la mgodi wao. Munthu wosweka mtima aiwala zonsezi, ndipo ena angonyamuka usiku osatsanzika, nabwera napeza nchito yatha. Mperekezeni ku ofesi. Muuzeni apemphe kalata ya dotolo, ngakhale cithunzi cace pa foni. Wa tsidya lija ayang'ane pasipoti ndi cilolezo cace asanafike ku Beitbridge.

Katundu waciwiri ndiye ndalama. Mutu umodzi susenza denga. Yendetsani cipewa, koma lembani m'buku dzina ndi cimene ali yense waponya, ndipo msungi akhale mmodzi wodziwika, kuti cifundo cisabale mlandu. Banja lipemphe ku cipatala pepala la mtengo lisanagulitse kanthu, ndipo liwerengerenso za pambuyo: mankhwala, cakudya, ndi galimoto yopita ku Harare masiku oonana ndi dotolo, pakuti munthu wocekedwa cifuwa sangathe kupanikizana m'kombi. Koposa zonse mcotseni pa khomo la katapila. Ngongole ya katapila idya malipiro a miyezi yambiri, madala acire kapena asacire.

Katundu wacitatu ndiye mafunso. Pamaso pa dotolo ambiri a ife tingobvomera kuti inde, inde, ndipo mafunso tiwakumbukira tiri pa cipata. Khalani naye pansi madzulo, mulembe pamodzi pa pepala. Ife tinalemba awa: Mwa anthu 100 a msinkhu uwu ndi thupi lotere, ndi angati amene saturuka amoyo? Nanga akacira, adzatha kuyenda ndi kusamba okha? Tikaleka opareshoni, cidzacitika nciani, ndipo liti? Kodi njira yosaceka cifuwa iwayenera, ndipo ipezeka kuti? Adzagona masiku angati m'cipatala? Ndi mankhwala ati ayenera kuleka tsiku lisanafike? Pa funso lotsirizali banja lisabise mankhwala acikuda amene madala ali kumwa, pakuti ena asokoneza kuundana kwa mwazi. Dotolo wabwino sakwiya ndi mafunso.

Pali cinanso cimene ana obadwira kuno saganizira. Madala ambiri adziwa Cishona ca pa msika ndi Cingerezi ca pa nchito, koma nkhani ya moyo ndi imfa aimva bwino m'cinenero ca amai ao, Cinyanja kapena Ciyao. Pakhale womasulira amene sadzacotsa mau owawa. Kawiri kawiri ana apangana kubisa, ati madala angacite mantha, ndipo angowagwira dzanja kuti asaine. Uku si ulemu, abale. Munthu amene anacoka ku Ntcheu kapena ku Mangochi ali yekha, nalera banja m'dziko la eni, adziwa kuyeza ngozi kuposa ife. Mnzathu uja atafika ku St Mary's anawafotokozera zonse, nawafunsa kuti, "Atate, inu mufuna ciani?" Madalawo anakhala cete nthawi yaitali, pomaliza anati amve kaye mau a dotolo ndi makutu ao, ndipo aitanitse mlongo wao. Kufikira tsopano ali kulingalira, ndipo palibe wowafulumiza.

Mlimbikitseninso mnzanu kuti akambe ndi kholo lace nkhani zija tiziopa: mapepala a nyumba ali kuti, za bungwe la maliro zinalipidwa kodi, ndipo ngati zitabvuta afuna kukagona kuti, kuno kapena kumudzi. Kukamba zimenezi sikuitana imfa. Mabanja ambiri apasuka pa maliro cifukwa ca mau amene sananenedwe mwini wace ali moyo.

Musaiwale mlongo wa ku Chitungwiza. Mwamuna wa ku mgodi atumiza ndalama ndipo onse amtama, koma wosambitsa madala, wophika phala, wodzuka usiku ndi woima pa mzere ku cipatala ndiye mkazi uja. Iyenso ali ndi ana ndi malonda ace. Mnzanu akayamba kulamula pa foni ali kutali, mkumbutseni mofatsa kuti amene ali pafupi aona zambiri. Ndipo ngati muli ndi akazi anu kapena abale ku Zengeza kapena ku Seke, atumeni akamlandire tsiku limodzi, kuti apumeko.

Tsiku la opareshoni, ngati mnzanu sanathe kupita, asatsike pansi. Munthu amene thupi liri m'mgodi koma mtima uli ku Harare samva mwala ukalira pa denga, ndipo ngozi yace igwera gulu lonse. Kambani ndi akapitao, wina asinthane naye shifiti. Khalani naye. Opareshoni yotere itenga maora angapo, cotero foni ikakhala cete si ndiye kuti zabvuta. Simufunika mau ambiri. Mphikireni tiyi, ndipo ngati afuna kupemphera, pempherani naye monga mwa cipembedzo cace.

Madala akadzuka, banja lidziwe kuti okalamba ambiri asokonezeka mutu masiku oyamba, naiwala malo, naona zinthu zimene palibe. Si ufiti iai. Madotolo acidziwa cimeneci, ndipo kawiri kawiri cimatha. Auzeni anamwino, musathamangire kuloza zala. Fupa la pa cifuwa lifuna masabata 6 kufikira 8 kuti ligwirane, ndipo nthawi yonseyo asanyamule cinthu colemera. Thandizo lanu lifunika kwambiri mwezi waciwiri, pamene alendo aleka kubwera.

Madala akakana opareshoni, sanataye moyo, ndipo mwana sanalephere. Alipobe mankhwala opeputsa befu ndi ululu. Ku Harare kuli Island Hospice, imene inayamba mu 1979, yoyamba mu Africa muno, ndipo nchito yace ndiyo kuthandiza odwala otere pamodzi ndi mabanja ao. Ndipo zikabvuta, kaya pa tebulo kaya kunyumba, pasapezeke mmodzi wa ife wonena kuti, "Mukadaleka," kapena, "Mukadalola." Mnzanu adzadzifunsa yekha funso limenelo usiku wambiri. Inu mumuuze coona: kuti anafunsa, anamvera atate ace, ndipo anacita cimene mwana angathe.

Abale, mwambi uja sunathere pa ndevu za mnzako. Unati mawa adzazima zako. Pafupi tonse tiri ndi nkhalamba kwina kwace imene iyang'ana ku njira. Sabata lino aimbireni, muwafunse ngati acita befu poyenda kapena miyendo itupa, ndipo ngati ndi tero apite ku cipatala msanga. Amene muli ndi funso la chuthi, windo langa liri lotsegula. A kutali lembani kalata kwa Mkonzi, ndidzayankha pa tsamba lino.

Tsalani bwino, muyende mosamala pansipo.

Ine wanu,
Kalaliki wa pa Windo