ZA MALAMULO: NKHANI YA MABASI IKAFIKA KU BWALO LA MILANDU

Munthu amene anakhalapo pa msewu kuyambira mbandakuca kufikira dzuwa kupendeka, thumba la nshawa lili pambali, adziwa kufunika kwa basi. Basi ndiyo ipereka wodwala ku cipatala ndi mlimi ku msika. Nanga akulu-akulu akalamula za mabasi, wina nakana lamulolo, aweruza ndani? Milandu iwiri ya ku Britain ithandiza kuyankha funsoli.

Mlandu woyamba unacitika mu mzinda wa London. M'caka ca 1981 cipani ca Labour cinapambana masankho a khonsolo yaikulu ya mzindawo, citalonjeza kutsitsa mitengo yokwerera mabasi ndi masitima a pansi pa nthaka. Mtsogoleri wa khonsoloyo, a Ken Livingstone, anasunga lonjezo, ndipo mu Okutobala mitengo inatsika. Koma walira mvula walira matope. Ndalama zolipirira kutsitsako zinayenera kucokera ku msonkho wa nyumba, ndipo msonkhowo unakwera.

Khonsolo ya dera la Bromley inakana. Kumeneko kunalibe masitima a pansi pa nthaka, koma anthu ake anauzidwa kulipira monga onse. Itakasuma, bwalo loyamba linaitsutsa, koma bwalo la apilu, m'mene munali a Lord Denning, linaivomereza. Pa 17 Disembala 1981 oweruza asanu a House of Lords, limene linali bwalo lotsiriza masiku amenewo, onse anati khonsolo ya London inalakwa. Iwo anati lamulo la 1969 lifuna kuti mabasi ayendetsedwe monga malonda, moyesetsa kupewa kutaya ndalama. Anatinso khonsolo iyenera kusamala ndalama za okhoma msonkho, ndipo lonjezo la pa masankho silingapose lamulo.

Mu Marichi 1982 mitengo inakwera pafupi-fupi kawiri, ndipo amene analira koposa anali osauka. Khonsolo inakonzanso maganizo ake mosamala, bwalo linawavomereza, ndipo mu Meyi 1983 mitengo inatsikanso.

Mlandu waciwiri ndi wa ku Greater Manchester. Kuyambira 1986 makampani a mabasi kunja kwa London anali kudzisankhira okha misewu, nthawi ndi mitengo. Msewu wopanda phindu unali kusiyidwa. Lamulo la 2017 linapatsa mameya a zigawo zina mphamvu yobweza ulamuliro wa mabasi m'manja mwa anthu. Mu Marichi 2021 a Andy Burnham, meya wa cigawoco pa nthawiyo, analamula kuti olamulira a cigawo ndiwo adzisankha misewu ndi mitengo, ndipo makampani adzipikisana kuti apatsidwe nchito.

Makampani awiri, Stagecoach ndi Rotala, anakasuma. Iwo anati olamulira sanapime bwino m'mene mliri wa Covid-19 unacepetsera okwera mabasi. Koma olamulirawo anali atafunsa anthu kawiri, mliri usanadze ndiponso utadza, ndipo zonse zinali zolembedwa. Mu Marichi 2022 bwalo lalikulu linatsutsa makampaniwo. Rotala inacita apilu niigwanso mu Julayi. Mabasi acikasu a Bee Network anayamba kuyenda ku Bolton ndi Wigan pa 24 Seputembala 2023, ndipo pofika Januwale 2025 anafalikira cigawo conse.

London ndi Manchester onse anafuna kuthandiza okwera mabasi, koma wina anagwa, wina anapambana. Cifukwa cake ndi cakuti pa mlandu wotere woweruza safunsa ngati ganizo lili lokoma kapena loipa. Afunsa zinthu zitatu. Kodi lamulo linampatsa mkuluyo mphamvu yocita cimene anacita? Kodi anatsata njira yoyenera, namva onse okhudzidwa? Kodi ganizo lake ndi lakuti munthu wanzeru zake angaliganize? Ngati mkuluyo aphonya cimodzi, bwalo lingafafanize ganizolo ndi kumuuza kuti ayambenso. Woweruza sagula basi, ndipo sasankha msewu.

Nkhaniyi ikhudza Zambia cifukwa bwalo la High Court litsata njira yomweyi, imene linatengera ku malamulo a ku England. Cithere kampani ya boma ya UBZ m'caka ca 1995, mabasi ali m'manja mwa eni ake, ndipo bungwe la RTSA ndilo lipereka malaisensi. Mwini basi amene wamanidwa laisensi popanda kumvedwa angadandaule, poyamba m'njira zimene lamulo la za pamsewu linaika, ndipo zikakanika apite ku bwalo. Pamilandu iyi mwambi wakuti mlandu suola sugwira nchito, pakuti wodandaula ayenera kufulumira, miyezi itatu isanathe.

Motero anthu a kumidzi amene afuna basi pa msewu wao alembe pempho lao kupyolera mwa khansala, aikepo tsiku, ndipo asunge kalata yofanana nayo pamodzi ndi yankho. Akulu a maofesi naonso afunse anthu asanalamule, ndi kulemba zifukwa zao. Ku bwalo la milandu cimene cinalembedwa ndico ciima monga mboni.