ZA MALONJE: KODI KUCEZA NDIKO KUTAYA NTHAWI?

Kwa Mafumu, Nduna zao, ndi ziwalo zonse za Msonkhano wathu.

Mafumu ndi abale anga,

Ndipempha malo pang'ono pa pepala ili kuti nditulepo mau amene ndinalephera kunena pa msonkhano wapitawu, pakuti dzuwa linali litapendeka ndipo maso a anthu anali ku njira. Mukumbukira kuti mbale wina anaimirira nadandaula kuti ticedwa kuyamba nkhani zathu cifukwa ca malonje. Anati munthu akafika ayamba wafotokoza za ana ace, za msana wa mkazi wace, za denga limene linasasuka ndi mphepo, ndi za minibasi imene anakwera, kotero kuti pofika pa nkhani zolembedwa nthawi yatha. Anapempha kuti tileke zimenezi, tizingoti "Moni nonse" ndi kutsegula buku. Ambiri anaomba m'manja. Ine sindinaombe ai, ndipo ndifuna kunena cifukwa cace mwaulemu, pakuti mbaleyo ndimlemekeza, ndiponso cimene adandaula ncoona: nthawi itithera ndithu.

Makolo athu sanayese malonje cinthu cacabe. Mlendo akafika pakhomo nati "Odi," ankamlandira katundu, namuyalira mphasa, nampatsa madzi. Ndipo atapuma, ankamfunsa malonje. Iye ankayambira pa tsiku limene ananyamuka: kwao wasiyako bwanji, ndani ali gone, ndani wabadwa, mtsinje uti wadzaza, mlatho uti wakokoloka. Akatha, eni khomo ankabweza ao, ndipo mkuru wa pakhomopo ankakatula zonse kwa mfumu. Cotero mfumu inkadziwa za midzi ya kutali isanacoke pa mpando wace. Ngakhale abale athu amene anapita ku migodi ya ku Joni ankamva za maliro ndi maukwati a kwao mwa njira yomweyi, pakamwa pa munthu wofika kumene.

Tsono mau anga ndi awa: mabvuto amene atha anthu athu lero, a nthenda, a pa mseu, ndi a nyumba, amveka poyamba m'maceza a masiku onse, asanalowe m'buku la Boma kapena la Msonkhano. Tikatseka pakamwa pa maceza, tidzamva mabvutowo pa maliro.

Ndiyambe ndi nthenda, ndipo ndidzitsutse ndekha. Ndiri ndi mlamu wanga amene nyumba yace iri m'mbali mwa njira yanga ya ku msika. Caka cathunthu ndinali kumpatsa moni ndiri pa njinga, osatsika. Ndikati, "Mwadzuka bwanji, alamu?" iye ankati, "Tadzuka, kaya inu," ine nkupitirira. Tsiku lina anagwa m'munda, ndipo dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi zinaleka kugwira nchito. A cipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi, kumene anthu ati BP, ndipo kunayamba kale. Pambuyo pace mlongo wanga anandiuza kuti mwamuna wace anali kudandaula mutu ndi cizungulire miyezi yambiri. Ndikadatsika pa njinga ndi kukhala pa khonde, ndikadamva, ndipo ndikadamkakamiza kukayezetsa.

Nthenda imeneyi kawirikawiri siionetsa cizindikiro, koma kuyeza kwace nkwa mphindi zowerengeka. Muyeso ukamafika pa 140 ndi 90 kapena kupitirira, munthu ayenera kuonana ndi a cipatala. Bungwe la za umoyo la dziko lonse lapansi lilangiza kuti munthu wamkuru asafikitse magalamu 5 a mcere pa tsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi kakang'ono. Momwemonso cifuwa cimene catha masabata awiri ciyenera kuyezedwa, pakuti cingakhale cifuwa cacikuru, cimene mankhwala ace ndi aulere m'zipatala za Boma ndipo amwedwa miyezi isanu ndi umodzi. Kodi ndani adzamva kuti mnansi wace watsokomola masabata awiri, ngati sakhala naye pansi?

Sitinaiwale kolera imene inabuka ku Machinga m'mwezi wa March 2022, nifalikira m'dziko lonse, nipha anthu oposa 1,700. Nthendayi itha madzi m'thupi mwa munthu m'maola ocepa. Banja limene liyankha kuti "Tiri bwino" cifukwa ca manyazi, mwana ali kutsegula m'mimba kuseri, liika pa ngozi onse akumwa pa citsime cimodzi. Cifukwa cace bvuto lathu siliri pa kufunsa kokha, liri pa kuyankhanso. Akuru akumbukira zaka zimene Edzi inali kunenedwa monong'ona. Ndipo ngakhale mankhwala aulere anayamba kuperekedwa mu 2004, ambiri anakawalandira cifukwa mbale kapena bwenzi anawalimbitsa mtima poceza.

Caciwiri ndi mseu. Palibe mwa ife amene sanafike pakhomo nati, "Lero tapulumuka, dalaivala uja anali kuuluka nafe." Mau amenewa tiwanena titatsika, ndi kuseka, m'galimotomo tinali cete. Koma taonani ciwerengero cace. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola iyenda pafupifupi mamita 28 pa sekondi imodzi, ndiko kuti yadutsa nyumba zingapo phazi la dalaivala lisanafike pa buleki. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene galimoto ikwawa isanaime uwirikiza kanai. Tsono ganizirani misika ya m'mbali mwa mseu wa M1, monga pa Lizulu, pa Kampepuza ndi pa Jenda, pamene amai ayala tomato ndi mbatata m'mphepete mweni mweni mwa phula, ana ali kuwoloka uku ndi uku. Akuru anati kuthamanga si kufika.

Nanga anyamata a kabaza wa njinga zamoto? Amenewa si alendo ai, ndi ana athu ndi adzukulu athu, ndipo nchito yao itithandiza, pakuti afikitsa odwala ndi amai apakati kumene galimoto sifika. Koma mudzi wonse udziwa amene akweza anthu atatu pa njinga imodzi, amene alibe cisoti, ndi amene ayamba wamwa kacasu asanagwire zogwirira. Zimenezi zinenedwa pa mjigo ndi pa bawo masiku onse. Mfumu yokha ndiyo izimva mocedwa, pamene abwera kudzapempha malo a manda.

Cacitatu ndi nyumba. M'mwezi wa March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala pa anthu a ku Chilobwe, m'tsinde mwa phiri la Soche ku Blantyre, ndiponso m'midzi ya ku Mulanje ndi ku Phalombe, nafa anthu mazana ambiri. Sindiri kuweruza omwalirawo. Anthu amanga pa malo oopsa cifukwa malo acepa ndipo ndarama zisowa. Koma cimene ndinena ndi ici: m'mudzi uli wonse muli nkhalamba zodziwa pamene madzi anadzera kale, ndi pamene nthaka siyenera kukhulupiridwa. Nzeru imeneyi sinalembedwe pa pepala lina liri lonse. Ituruka pamene mnyamata ati, "Agogo, ndifuna kuumba njerwa caka cino, ndimange paja," ndipo agogo ati, "Paja ai, mwana wanga." Safunsa anadya phula.

Onaninso mamangidwe athu a makono. Makolo ankamanga nyumba ya khonde lotambalala, ndipo khondelo linali ndi nchito ziwiri: kuteteza cipupa kuti mvula isacinyowetse, ndi kulandira wodutsa. Lero tikapeza ndarama timanga mpanda wa njerwa wautali, ndi citseko ca citsulo, kotero kuti mnansi akati "Odi" amyankha ndi garu. Sindikana kuti akuba alipo. Koma mai wamasiye amene denga lace lidontha sadzalemba kalata ku Msonkhano uno, adzangoti poceza, "Usiku wathawu tagona cokhala." Pakasowa womva mau amenewo, dengalo lidzamgwera, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Ndidziwa cimene ena adzandiyankha. Adzati maceza abala miseche, ndipo miseche ipasula mudzi. Indetu, koma malonje ndi miseche ndi zinthu ziwiri. Malonje anena mwini wace, za iye mwini, pamaso pa anthu. Miseche inenedwa ndi wina, mwini nkhani atatembenuka. Nthenda ya munthu si ya kulengeza pa bwalo iye asanalole. Ena adzati tiri ndi lamya za m'manja, ndipo mau afika ku Johannesburg m'kamphindi. Ici ncabwino ndithu, ndipo ndiyamika. Koma pa lamya munthu awerenga ndarama zimene ziri kutha, nafupikitsa mau, ndiponso lamya siikuuzani kuti mapazi a amai anu atupa, iwo akati "Ndiri bwino, mwana wanga."

Cifukwa cace ndiika pamaso pa Mafumu ndi ziwalo zonse mapempho awa, kuti muwaganizire pa msonkhano ukudzawu:

1. Malonje asacotsedwe, koma apatsidwe theka la ola tisanatsegule buku, ndipo mudzi uli wonse ukhale ndi munthu mmodzi wounenera. Potero dandaulo la mbale wathu uja layankhidwa.

2. Mlembi alembe zimene zaturuka m'malonje zofuna kucitapo kanthu, monga denga la wamasiye kapena citsime coonongeka. Koma za nthenda ya munthu asalembe popanda cilolezo ca mwini wace.

3. Tipemphe a cipatala ca pafupi kuti nthawi zina atitumizire munthu ndi coyezera magazi pa tsiku la msonkhano, ndipo Mafumu ayambe ndiwo kupereka dzanja, kuti anthu asaope.

4. Mfumu iri yonse iitane anyamata a kabaza a m'mudzi mwace, osati ku mlandu ai, koma kuti aceze ngati atate ndi ana, za cisoti, za mowa, ndi za kukweza anthu mopitirira.

5. Mvula isanayambe, nduna ndi nkhalamba ziyendere nyumba za m'mbali mwa mitsinje ndi m'tsinde mwa mapiri, pamodzi ndi za okalamba, pakuti nkhanga zinapangana kusanapse.

Koma coposa zonsezi ciri m'manja mwa yense wa ife, ndipo sicifuna kukweza dzanja pa msonkhano: tikafunsa munthu kuti "Mwadzuka bwanji?" tiime kufikira ayankhe, ndipo akati "Tadzuka," tifunsenso kaciwiri. Nafenso tikafunsidwa, tinene zoona.

Mlamu wanga uja ali moyo, tiyamika. Akhala pa khonde tsiku lonse, ndipo lilime lace lilemera, kotero kuti mau amodzi amtengera nthawi. Masiku ano ndikafika pakhomo pace nditsamiritsa njinga ku mtengo, ndi kukhala pansi, ndi kumvera malonje ace kufikira atatha. Nthawi imene ndinali kuikaniza kale, lero ndiipereka yocuruka, koma dzanja lace silibwerera. Mafumu ndi abale, ndikupemphani kuti ife a Msonkhano uno tisadzalipire mtengo womwewo.

Ndatha ine wanu,
Mmodzi wa ziwalo.