Nyimbo za ku Phalombe Zatchuka, Luso Lisatsalire M'mbuyo

Kuyambira cha m'ma 2022, pamene nyimbo ya Gibo Pearson yotchedwa Izathera Mapenate inaloŵerera m'maminibasi, m'malo omwera ndi m'mafoni a anthu, dzina la Phalombe lakhala likumveka pa nkhani ya zoimbaimba kuposa kale lonse. Boma limene linapatuka ku Mulanje m'chaka cha 1998, lodziŵika ndi fodya, nandolo ndi mpendadzuŵa, lero lili ndi maimbidwe otchedwa ndi dzina lake.

Komatu si onse amene akondwa nazo. Alipo ena, makamaka m'mizinda, amene amanyogodola nyimbozi ponena kuti n'zopepuka, zojambulidwa mothamanga pa kiyibodi imodzi, ndipo zongokomera anyamata a kabaza ndi amayi a pamsika. Enanso amayankha kuti nyimbo imene yavinitsa anthu kuchokera ku Migowi mpaka ku Karonga siifunanso mboni ina.

Onseŵa akuphonya, koma kuphonya kwa onyogodola n'kokulirapo. Khamu silivina popanda chifukwa. Chimene anthu amamva m'nyimbozi ndi chilankhulo chawo chenicheni, nthabwala zawo, milandu ya m'banja ndi ya ngongole, ndiponso kugunda kofulumira kumene si kwachilendo kwa munthu wokulira pa ng'oma za tchopa, gule wa Alhomwe amene bungwe la UNESCO linamulemba m'kaundula wake m'chaka cha 2014. Kupeka mawu oti mlimi awagwire tsiku limodzi, naŵasandutsa mwambi wa pamsika, ndi luso ndithu, ndipo ophunzira ambiri luso limeneli alibe.

Komabe kuchuluka kwa omvera si muyeso wa ubwino wa nyimbo. Gogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, amene anabadwa mu 1930, anaimba zaka zambirimbiri ali m'umphaŵi. Mu 2020 anajambula nyimbo zawo pamodzi ndi Patience Namadingo, ndipo pambuyo pake Linny Hoo inafika kwa anthu mamiliyoni a maiko akutali kudzera pa TikTok. Kodi nyimboyo inayamba kukoma tsiku limene dziko linaizindikira? Ayi. Inali yokoma kale pamene nkhalambayo inkaiimba pamaso pa anthu oŵerengeka. Chinasintha ndi chiŵerengero chabe. Chimodzimodzinso malemu Alan Namoko a ku Thyolo, woimba wosaona wa gulu la Chimvu River Jazz Band, amene anamwalira mu 1995: zipangizo zawo zinali zosaukira, koma dzanja lawo pa banjo ndi kulemera kwa mawu awo n'zimene zachititsa kuti nyimbo zawo zizifunidwabe mpaka lero.

Apa ndi pamene oimba a ku Phalombe ayenera kuchenjera. Nyimbo imodzi ikagunda, otsanzira amabuka ngati boŵa wa m'dzinja, aliyense ndi kugunda komweko, mayendedwe a mawu omwewo, ndipo ena amathira zolaula poganiza kuti ndiwo mchere. Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Nyimbo zotere zimavinidwa mwezi umodzi, kenaka mnyamata woika nyimbo m'mafoni pa Chiringa amazifufuta kuti apeze malo a zina.

Mnyamata amene wapeza dzina asathamangire kutulutsa nyimbo sabata ndi sabata. Akhale pansi ndi mawu ake, aphunzire gitala, afunse akuluakulu oimba ng'oma, ndipo ayesere kuimba ndi gulu lenileni m'malo momangotsatira mawu ojambulidwa kale akafika pa bwalo. Nazonso nyumba za wailesi zileke kusankha nyimbo poyang'ana kumene woimba akuchokera. Ndipo bungwe la COSOMA, limene lakhala likusonkhanitsa ndalama za oimba kuyambira mu 1992, lifike m'misika ya Phalombe ndi kulembetsa achinyamataŵa, pakuti woimba amene nyimbo yake ikumveka m'dziko lonse koma m'thumba mwake mulibe kanthu sangapirire miyezi itatu akusula nyimbo imodzi.