Liu Lakuti "Menfolk": Tiritaye Kapena Tirisunge?

M'mabuku akale a Cingerezi tipezamo liu lakuti "menfolk". Ena mwa ife alilumpha monga kanthu kacabe, ena alitola nalithira m'cimangirizo ciri conse kuti aoneke ophunzira. Ine ndiganiza kuti onsewa alakwa.

Liuli lapangidwa ndi mau awiri, "men" ndi "folk". Laciwirilo litanthauza anthu kapena mtundu wa anthu, ndipo Angerezi akhala nalo zaka zoposa 1,000. Kale analilemba "folc". Mbale wace m'Cijeremani ndi "Volk", ndiye cifukwa cace Volkswagen itanthauza galimoto ya anthu. Liu lomwelo lipezekanso mu "folklore", dzina limene William Thoms anapatsa nthano ndi miyambo ya makolo m'caka ca 1846.

Tsono tisiyanitse bwino. "Men" ndi amuna ali onse, ngakhale alendo opita m'njira. "Mankind" ndi anthu onse a pa dziko lapansi, akazi ndi ana omwe. Koma "menfolk" ndi amuna a banja limodzi kapena a mudzi umodzi, powachula onse pamodzi: atate, amalume, alongo ndi akamwini. Kawirikawiri limveka pakamwa pa akazi otsala pakhomo. Pa nkhondo ya 1914, akazi a m'midzi ya ku England anagwira nchito za m'minda cifukwa "menfolk" ao anali ku France. Ife tikadati, "azibambo athu onse anacoka". Liu lina lacidule lonena zonsezi m'Cingerezi ndi losowa, ndipo cifukwa cace ine ndikana kuti tiritaye.

Koma ticenjere. Anyamata 11 a timu ya mpira si "menfolk", ngakhalenso amuna okwera basi imodzi, pakuti sali a mudzi umodzi. M'kalata yofunsira nchito liuli liseketsa, monga munthu wobvala jasi la agogo ace dzuwa liri pamutu. Ndiponso pa mayeso tisaonjezepo "s" kumapeto, cifukwa liri kale la zambiri, ndipo liyenda ndi "are". Wolakwa pamenepa ataya malikisi mwaulere.

Mau a akulu akoma akagonera. Tirisunge liuli pamodzi ndi linzace "womenfolk", kuti tizimva bwino zimene tiwerenga. Koma polemba, tiyambe tadzifunsa: kodi amunawa ndi a banja kapena mudzi umodzi? Ngati iai, "men" akwanira.